Band ya 50 kDa nditapanga IP ndi anti-FLAG, ndi puloteni yanga kapena ndikudzinamiza?

chemwali_wa_gel

Moni akuluakulu nonse muno. Safunsa anadya phula, nde ndati ndifunse kaye kuno ndisanakaonetse a supervisor zinthu zoti akandiseka nazo pa lab meeting. Ndikupanga masters ndipo ntchito yanga ndi ya puloteni ina ya Plasmodium falciparum, kachilombo ka malungo kaja. Gene yake tinaiika mu plasmid yokhala ndi FLAG tag, kachizindikiro ka ma amino acid ochepa koti antibody izigwira, kumayambiriro, ku N-terminus, nkuilowetsa m'maselo a munthu a mu labu otchedwa HEK293T. Tikawerengera ma amino acid ake pamodzi ndi tag yo imayenera kutuluka cha m'ma 52 kDa.

Nkhani ili apa. Ndikathira lysate yokha, madzi a maselo ophwanyidwa, pa gel, input ija, nkupanga western blot ndi antibody ya anti-FLAG yotchedwa M2, palibe chikuoneka, lane yonse ili mbee. Koma ndikayamba ndi IP, immunoprecipitation, njira yokokera puloteni imodzi ndi antibody, kumata M2 yomweyo pa ma beads a protein G, kusiya usiku wonse mu cold room, kutsuka, kuwiritsa mu Laemmli ya beta-mercaptoethanol, kenako blot ndi M2 yomweyo ndi secondary, antibody yachiwiri yogwira yoyambayo kuti band ioneke, ya anti-mouse HRP, pakutuluka chi band chonenepa bwinobwino pamwamba pang'ono pa mzere wa 50 wa ladder, ndipo sichichedwa, ECL kungothira basi chatulukira. Ine mtima unakhala m'malo, ndimati puloteniyo ilimo yochepa m'maselomo nde IP yaisonkhanitsa pamodzi, si ndiyo ntchito ya IP eti? Koma mnzanga wa bench yoyandikana wangoyang'ana chithunzicho nkupukusa mutu, kundifunsa kuti control ili kuti, basi nkunyamuka kupita kokadya osalongosola kanthu.

Nde ndithandizeni, band imeneyi ndiikhulupirire? Ndipo ngati si yanga, nanga yangayo ili kuti poti maselo akuoneka athanzi ndipo plasmid tinaitumiza ku sequencing inabwera yolondola. Antibody yatsala yochepa mu ka vial ndipo kuitanitsa ina kuno ndi nkhani ya miyezi, sindikufuna kungoimwaza mwachisawawa.

Gogo_Ponceau

Achemwali pepani, koma band imeneyo ndikubetcha si puloteni yanu. Ndi heavy chain ya antibody yanu yomwe ija munapangira IP. Mnzanuyo waona bwino, kungoti ulesi wolongosola.

Zimayenda motere. M2 ndi IgG ya mbewa, ndipo IgG iliyonse ndi zidutswa 4 zomangidwa ndi ma disulfide bond, ziwiri zazikulu za 50 kDa chilichonse, ziwiri zazing'ono za 25 kDa chilichonse, zonse pamodzi 150 kDa. Inu mwaimata pa ma beads, yagwira zomwe yagwira, kenako mwawiritsa zonse mu mercaptoethanol yemwe ntchito yake ndi kudula ma disulfide omwewo, nde antibody yonse yayoyoka pa ma beads nkusweka, yalowa nawo mu gel limodzi ndi sampulo. Ndiye mukubwera ndi secondary ya anti-mouse, iyo ilibe nazo ntchito kuti iyi ndi primary ya pa blot kapena ndi zidutswa zomwe zagona kale pa membrane, ikangonunkhiza IgG ya mbewa yagwira basi. Komanso taganizani kuchuluka kwake, pa IP mumaika antibody ya ma microgram, pomwe puloteni yanu ngati ilipo mwina ndi ma nanogram, nchifukwa chake chikutuluka chonenepa chonchi komanso mwachangu.

Bwererani ku chithunzi chanucho muyang'ane pansi cha m'ma 25 kDa, ngati simunadule membrane kapena kuthamangitsa gel mpaka zing'onozing'ono zagwera mu buffer. Mukapezapo band ina, ngakhale yofooka, ndi light chain imeneyo ndipo mlandu watha.

Kuti mutsimikize popanda kuononga M2 yanu yatsalayo, tengani IP yomweyo muthire ma lane awiri, mukatha transfer mudule membrane pakati, theka lina muike primary ndi secondary mwa nthawi zonse, theka linalo secondary yokha osaika primary. Band ikatuluka mbali zonse ziwiri ndiye kuti FLAG sakukhudzidwa nkomwe. Ndipo kuyambira lero IP iliyonse izikhala ndi mnzake wa maselo omwe munawalowetsa plasmid yopanda gene yanu, empty vector, opangidwa chimodzimodzi tsiku lomwelo. Anti-FLAG sadziwa puloteni yanu, sanaionepo, iyo imadziwa ma amino acid 8 okha, DYKDDDDK, nde band pa blot ikungonena kuti china chake chagwidwa pamenepo. Chomwe chimakupatsani mphamvu yonena kuti ndi chanu ndi lane ya pambali yopanda tag ikakhala yoyera.

Za kukonza kwake njira zilipo zingapo koma si zonse zoyenera inu. Popeza puloteni yanu ili pa 52, pamalo oipitsitsa, ine ndikanayamba ndi kusintha nyama. IP ndi M2 ya mbewa, blot ndi antibody ya kalulu yogwira tag yomweyo, ndi secondary ya anti-rabbit yomwe inasefedwa kuti isagwire IgG ya mbewa, amalemba cross-adsorbed pa botolo. Pofufuza musadabwe kuti makampani ambiri salemba FLAG, dzinalo ndi trademark ya Sigma nde ena onse amagulitsa ngati anti-DYKDDDDK, ndi chinthu chomwecho. Njira ina ndi secondary yogwira light chain yokha, imasiya dera la 50 loyera nkumangowala pa 25, kwa inu imeneyo ndi yabwino, kwa munthu wa puloteni ya 25 kDa ndi tsoka. Iliponso M2 yomatidwa kale HRP, simufunanso secondary, komanso zija za mtundu wa TrueBlot kapena VeriBlot zomwe zimagwira IgG yosasweka yokha nkusiya yowiritsidwa.

Koma yomwe ndimaikonda ine ndi yosawiritsa nkomwe. Mumathira 3xFLAG peptide, cha m'ma 150 ng pa microlitre, pa ma beads nkusiya pozizira, peptide yo imalanda malo nde puloteni imamasuka antibody nkutsalira pa ma beads. Zomwe zimatulukazo zimakhala zoyera kwambiri poyerekeza ndi zowiritsa. Ndipo mwachita bwino kusankha protein G, M2 ndi IgG1 ndipo IgG1 ya mbewa simata bwino pa protein A.

wa_ku_Joni

Agogo anena zonse za band yo, ine sindionjezerapo. Chomwe chandiimitsa mutu ndi input yanu achemwali. HEK293T ndi maselo osavuta, amakhala ndi SV40 large T antigen ndipo akalandira plasmid ya CMV promoter amapanga puloteni yochuluka moti M2 imaiona mu lysate popanda IP iliyonse. Ngati input ili mbee ndiye vuto lenileni lili kumeneko, IP yi ikungokuphimbani m'maso.

Funso langa loyamba, puloteni yanuyi ili ndi signal peptide? Iponyeni mu SignalP kapena muone pa PlasmoDB. Mapuloteni ambiri a falciparum omwe anthu amawathamangira, a pakhungu pa merozoite, kachilomboko kakamalowa m'maselo ofiira, ndi aja otumizidwa kunja, amayamba ndi ma amino acid 15 mpaka 30 omwe ntchito yake ndi kulondolera puloteni ku ER, endoplasmic reticulum, komwe mapuloteni otuluka kunja kwa selo amadutsa, ikangolowa signal peptidase imadula kachidutswako nkukataya. Nde ngati FLAG munaiika patsogolo pa signal peptide, yapita nayo limodzi. Zili ngati kulemba dzina pa chingwe chomangira thumba la chimanga, pofika kuchigayo chingwe achimasula nkuchiponya uko, ufa ulipo ndithu koma palibe chosonyeza kuti ndi wanu. Kapenanso zitha kuipa mbali ina, FLAG ili ndi ma aspartate 5, charge yambiri, itha kusokoneza signal peptide puloteni nkulephera kulowa mu ER, nkupindika molakwika mu cytosol, proteasome nkuigaya. Mbali zonse ziwiri inu simuona kanthu.

Chachiwiri, gene yo inapangidwa codon optimise, kusintha ma codon kuti selo la munthu liziwerenga mosavuta, kapena munaikopera kuchoka ku kachilomboko momwe ilili? Genome ya falciparum itatuluka mu 2002 zinaoneka kuti pafupifupi 80 peresenti ndi A ndi T, ndipo maselo a munthu amavutika nayo kwambiri, ma A ondondozana aja amatha kuwerengedwa ngati chizindikiro choti mRNA ithere pomwepo. Sequencing kubwera yolondola sizikutanthauza kuti selo likuiwerenga.

Anthu a lab ya Gavin Wright ku Sanger Institute, omwe anapeza mu 2011 kuti RH5 imagwira basigin pa maselo ofiira a magazi, ankapanga mapuloteni a merozoite m'maselo a HEK293 omwewa ndipo njira yawo ndi yoti muiwerenge. Signal peptide ya kachilombo ankaichotsa nkuika ya nyama yoyamwitsa, ma codon ankasintha, malo a N-glycosylation ankawapha posintha serine kapena threonine kukhala alanine, ndipo tag ankaiika kumapeto, chidutswa cha CD4 ya khoswe chomwe amachigwira ndi antibody ya OX68. Za glycosylation zo musazipeputse, falciparum simata shuga wambiri pa mapuloteni ake koma HEK ikaona N-X-S kapena N-X-T mu ER imamata basi, nde tsiku lomwe band yanu yeniyeni idzatuluke mwina sidzakhala pa 52, idzakwera nkukhala yofufuma. PNGase F, enzyme yochotsa shugayo, ndi imene imakuuzani, mukathira band imatsika.

Ndipo musathamangire kungosamutsa tag kupita ku C-terminus musanaone ngati kulibe GPI anchor, nangula womangirira puloteni pakhungu la selo. MSP1 ndi anzake ali nayo, ndipo kumeneko nako selo limadula mchira nkumatapo GPI, tag yapitanso kachiwiri kkkk.

chemwali_wa_gel

Aaa zikomo kwambiri nonse awiri. Agogo, ndabwerera ku chithunzi chija ndakweza exposure, ilipo ndithu pa 25, yofooka koma ilipo, ine ndimaiyesa dothi la pa membrane. Za secondary yokha ndipanga mawa poti sizikudya M2.

Achimwene a ku Joni mwandilasa penipeni. SignalP ikuti signal peptide ilipo, ikudulidwa patadutsa ma amino acid makumi awiri ndi kena, ndipo FLAG ili patsogolo pake chifukwa plasmid yomwe inalipo mu freezer inali ya N-terminal basi tinangogwiritsa yomweyo. Codon optimise inapangidwa, bola kumeneko. GPI sikuoneka, koma kuli PEXEL, RxLxE ija yomwe kachilombo kamatumizira nayo puloteni ku selo lofiira, kodi nayo ndiiope? Komanso a supervisor amakonda His tag, ma histidine ondondozana omata pa nickel, chifukwa nickel ilipo yambiri mu labu, anti-His iliponso. Ndingosintha kupita ku His kumapeto ndithane nazo zonse kamodzi?

HA_basi

His ndi yabwino poyeretsa puloteni, koma poifufuza pa blot ine ayi ndithu. Ma anti-His ambiri ndi ofooka, ena amafuna His ikhale kumapeto kwenikweni ndi carboxyl yomasuka, ena sagwirizana ndi mkaka nde mumayenera kuwasungunula mu BSA, ndipo inu ndi munthu wa malungo, tsiku lina mudzafuna kuyang'ana mu lysate ya kachilombo komweko. Mmenemo muli HRP2, ija ma RDT a kuchipatala amaigwira, yodzaza ndi histidine kuchoka kumutu mpaka kumchira, muli KAHRP ya ma knob, zonsezo zimakonda nickel ndipo zitha kukupatsani ma band oti mudzalira nawo. Ngakhale mu E. coli muli SlyD yomwe imakakamira pa nickel nkumatuluka cha m'ma 25 kDa anthu nkumasangalala kuti apeza puloteni. Ngati abwana akufuna His ikani zonse ziwiri, tag yofufuzira kenako His kumapeto, ma amino acid 6 kapena 8 sakulemetsani.

Ine dzina langa likunena kale mbali yomwe ndili. HA ndi YPYDVPDYA, ma amino acid 9 ochokera ku hemagglutinin ya chimfine, ndipo ubwino wake waukulu pa vuto ngati lanuli ndi woti ma antibody ake abwino alipo a nyama zosiyana, 12CA5 ndi 16B12 a mbewa, 3F10 ya khoswe, a kalulu aliponso, nde IP ndi imodzi blot ndi ina, nkhani ya heavy chain imachepa yokha. Anthu ogwira ntchito mu Plasmodium ambiri mukawerenga ma paper awo ndi 3xHA ndi 3F10. Chenjezo lake ndi limodzi lomwe ambiri salidziwa, mkati mwa HA muli DVPD ndipo caspase 3 ndi 7 zimadula pamenepo, nde ngati maselo anu akufa ndi apoptosis signal imazimiririka inu nkumaganiza kuti puloteni yachepa.

Myc sindingakulangizeni mu HEK. EQKLISEEDL ija inatengedwa ku c-Myc ya munthu ndipo 9E10, yomwe Gerard Evan ndi anzake anaifalitsa mu 1985, inapangidwira kugwira c-Myc yeniyeniyo, nde m'maselo a munthu itha kukuonetsani yachilengedwe cha m'ma 60 kDa, kufupi kwambiri ndi komwe yanu ingakwere ikamatidwa shuga. FLAG kusiyana kwake ndi koti sinatengedwe ku chamoyo chilichonse, anachita kuipanga a Thomas Hopp ndi anzake ku Immunex mu 1988, ndi DDDDK kumapeto dala kuti enterokinase izidula. Koma zimenezo sizikutanthauza kuti M2 sigwira zina, aliyense amene anatumizapo FLAG IP ya HEK293 ku mass spec amawadziwa alendo osaitanidwa aja, PRMT5, KIF11, STK38, amabwera nthawi zonse ngakhale mu empty vector. Mpaka anthu anapanga database yake, CRAPome, mu 2013, dzina lake lomwelo likukuuzani mmene anatopera nazo.

Mukafuna kuthawiratu nkhani ya ma chain, pitani ku GFP ndi nanobody. Ngamila ndi alpaca zili ndi ma antibody opanda light chain, anazitulukira ku Brussels mu 1993, nde kachidutswa kogwirako ndi kakang'ono, cha m'ma 15 kDa, kamatidwa pa ma beads ngati GFP-Trap ndipo pa 50 sipatuluka kanthu. Komanso mumangoyang'ana pa maikulosikopu muone ngati maselo akuwala musanaononge tsiku lonse. Kuipa kwake GFP ndi ma amino acid 238, 27 kDa, theka la puloteni yanu, katundu wolemera woti atha kusintha mmene ikupindikira kapena komwe ikupita.

wa_ku_Joni

PEXEL mu HEK musaiope achemwali, imadulidwa ndi plasmepsin V ndipo imeneyo ili mwa kachilombo mokha, maselo a munthu alibe. Idzakuvutani tsiku lomwe mudzaike tag mu falciparum mwenimweni, chifukwa kumeneko imadula pambuyo pa leucine wa RxL nde chilichonse chili kutsogolo chimatayika, nchifukwa chake mapuloteni otumizidwa ku selo lofiira amawaika tag kumapeto.

A HA_basi ndikugwirizana nanu pa His ndi Myc koma pa kusintha kupita ku HA ayi. Mtsikanayu wanena kuti antibody kubwera ndi miyezi, M2 ali nayo kale m'manja, inu mukumuuza agule ma antibody awiri atsopano kuti athetse vuto lomwe si la FLAG. Tag sinalakwe, yangokhala pamalo olakwika. Ma primer awiri ndi otchipa kuposa vial iliyonse, FLAG ndi ma base 24 okha, mumangoilemba mu reverse primer kutsogolo kwa stop codon, ndi ka linker ka glycine ndi serine pakati kuti tag isakanirire pa puloteni, PCR imodzi basi. Bola kusamala kuti stop codon ya gene yo yachotsedwa ndipo frame sinasokonekere, zimenezi zagwetsa anthu ambiri kuposa china chilichonse.

Ine ndikanapanga ziwiri nthawi imodzi poti ntchito yake ndi yomweyo, ina FLAG kumapeto, ina FLAG pambuyo penipeni pa pomwe signal peptide imadulidwa. Yachiwiriyo ili ndi kabwino kake, ikadulidwa FLAG imatsala kumutu kwenikweni ndi aspartate yomasuka, ndipo imeneyo ndi imene antibody ya M1 imafuna, M1 imagwira pokhapokha pali calcium nde pomasula mumangothira EDTA, mofatsa kwambiri. M2 yanu imagwira paliponse, kumutu, pakati, kumchira, nde zonse ziwiri muziona ndi yomwe muli nayo. Signal ikadzakhala yofooka ndi pomwe mungaganize za 3xFLAG.

Gogo_Ponceau

Wa ku Joni wanena zoona, musagule kanthu kaye. Koma pali control ina yomwe sitinaitchule, ya positive. Pakali pano input yanu yoyera ija itha kutanthauza zinthu zitatu ndipo simungazisiyanitse, tag yadulidwa, transfection sinagwire, kapena M2 yanuyo inafa kalekale mu firiji. Ndipo taonani, band ya heavy chain ija siikuuzani kuti M2 ikugwira ntchito, antibody yakufa nayo imawala pa 50 chimodzimodzi. Funsani m'ma labu oyandikana, sipalephera munthu wokhala ndi plasmid ya GFP yokhala ndi FLAG kapena puloteni iliyonse ya FLAG yomwe amadziwa kuti imatuluka. Ya GFP yo ndi yabwino kawiri, maselo akawala mwadziwa kuti transfection ili bwino, band ikatuluka cha m'ma 28 kDa mwadziwa kuti antibody ili moyo. Ndipo thirani Ponceau, utoto woonetsa ngati mapuloteni afika pa membrane, musanatseke membrane ndi mkaka, ndi mphindi zochepa chabe, ndaonapo anthu akukangana za antibody sabata yonse pomwe transfer yo sandwich anaitembenuza mapuloteni onse anathawira mu filter paper.

freezer_yathu

Ine si katswiri wa ma tag, ndine technician chabe, koma za kusunga antibody ndilankhulepo poti achemwali akuti yatsala yochepa. Chomwe chimapha ma antibody kuno si ukalamba, ndi kuuma ndi kusungunuka mobwerezabwereza, magetsi akazima jenereta nkuchedwa kudzuka ka vial kamasungunuka, akabwera kaumanso, inu osadziwa chifukwa zachitika usiku. Ikangofika yatsopano igaweni m'timachubu ting'onoting'ono, ndipo onani pepala lake, ngati ili mu 50 peresenti glycerol pa -20 siuma nkomwe nde imapirira bwino. Musaike pa chitseko cha freezer, komanso freezer zija za kunyumba zosagwira ayezi si zabwino, zimadzitenthetsa zokha pakanthawi kuti zisungunule ayeziyo.

Primary yosungunula kale musataye mukatha blot imodzi. Ithireni mu chubu, ikani sodium azide 0.02 peresenti, sungani pa 4, imagwira kangapo ndithu makamaka ikakhala mu BSA, ya mu mkaka imasasa msanga mudzamva ndi fungo lomwe. Koma azide yo isayandikire chilichonse cha HRP, imapha enzyme yo, nde ngati mudzagule M2 ya HRP yomwe agogo anena ija imeneyo osaika azide, ndipo mukagwiritsa primary ya azide tsukani bwino ndi TBST musanaike secondary. Chinanso, m'malo momiza membrane yonse mu 10 mL, idulireni dera lomwe mukufuna nkuiika mu kathumba ka pulasitiki komata kapena mu chubu cha 50 mL pa roller, 2 kapena 3 mL imakwana.

HA_basi

Chabwino ndagonja, akhale pa FLAG kkkk. Koma mudzandikumbuka tsiku la co-IP, mukadzafuna kuona ngati puloteni yanu ikugwirana ndi ina mudzafunabe tag yachiwiri, ndipo pamenepo pangani mbali zonse, kukoka ndi FLAG kuona HA, kukoka ndi HA kuona FLAG.

chemwali_wa_gel

Ndabwera ndi zotsatira. Theka la secondary yokha latulutsa chi band chomwechija pa 50 ndi kamnzake pa 25, ndendende ngati theka la M2, nde agogo mwawina. Ndapeza plasmid ya GFP-FLAG kwa anzathu a labu ya pansi, maselo awala ambiri ndithu ndipo band yatuluka yoyera pansi pa 30 mu input popanda IP, kutanthauza kuti M2 ili moyo ndipo transfection ilibe vuto. A supervisor avomera ma construct awiri aja, His tiika kumbuyo kwa FLAG ya kumapeto kuti nawo mtima ukhale pansi, ma primer taitanitsa. Funso lotsala, popeza puloteniyi ili ndi signal peptide ndipo ilibe transmembrane kapena GPI, ndiziyang'anabe mu lysate?

Gogo_Ponceau

Yang'anani zonse ziwiri koma chiyembekezo chikhale pa media, ngati ikupindika bwino maselo aziitulutsa kunja ndipo mu lysate muzingotsala yochepa yomwe ili panjira. Nde media musataye, isungeni, izungulizeni kaye kuti maselo akufa akhale pansi. Vuto lake ndi serum. FBS ili ndi albumin yochuluka pa 66 kDa yomwe imapotoza lane yonse ikathiridwa pa gel, mpaka dera lanu la 52 limakankhidwa, komanso muli IgG ya ng'ombe yomwe imamata pa protein G nkulanda malo a M2. Tsiku lotsatira transfection tsukani maselo musinthe kupita ku media yopanda serum, musiye masiku awiri kapena atatu, ndiye mukolole. Ngati mukufuna IP kuchokera mu media yo matani kaye M2 pa ma beads, mutsuke, kenako ndi pomwe muthire media. Empty vector nayo media yake ikololedwe tsiku lomwelo, ikhale lane yoyandikana.